Mawondo a Mdala wa ku Russia

Mawu oyamba amene mdala uja anandiuza, ndisanatule n'komwe sutikesi, anali akuti ndituluke ndilowenso. Munali chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo ndinkafuna chipinda cha lendi kufupi ndi chipatala chimene ndinkaphunzirako unamwino ku Toronto. Mayi wina wa kutchalitchi ndiye anandilozera nyumbayo. Ndinagogoda, mdalayo anatsegula, ine n'kulowa mowerama pang'ono monga tinaleredwera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ayi," anatero m'Chingerezi chake chothyokathyoka. "Walowa ngati wadzapepesa. Walakwa chiyani? Tuluka, ulowenso."

Ndinapsa mtima. Ndinali nditayenda pachipale, madzi oundana aja ogwa ngati ufa, ndi nsapato zakwathu, zala zakuphazi zitachita dzanzi, ndiye mzungu wokalamba azindiseweretsa pakhomo? Ndinatuluka ndithu, n'kukankha chitseko ngati ndikukamenya munthu, n'kuima nji pakati pa balaza. Iye anaomba m'manja, nati chipinda ndachipeza.

Pambuyo pake ndinadzadziwa kuti sinali misala, inali ntchito yake. Kwawo ku Russia anali mtsogoleri wa nyumba yaikulu ya zisudzo, ndipo anapangaponso mafilimu. Moyo wake wonse anauthera pa mpando wa mumdima, kuyang'ana anthu akulowa pasiteji n'kumawabweza. Ankati munthu amadziwika ndi kalowedwe kake, pakuti pakamwa pamanama koma mapewa sadziwa bodza. Ine ndinkamutchula kuti agogo, ndipo atafunsa tanthauzo lake anakondwa, ngakhale ankanamizira kudandaula kuti ndamukalambitsa. Iye ankanditchula kuti sisita, monga odwala a kuchipatala.

Za mmene anachokera kwawo anandiuza pang'onopang'ono, tikumwa tiyi. Anapanga filimu ina imene akuluakulu a boma sanaikonde. Anaiduladula, yotsalayo n'kuitsekera m'kabati. Kenaka anaitanitsa msonkhano m'nyumba yake yomwe ya zisudzo, anthu ake onse ali pomwepo, n'kumuuza kuti aimirire, aweramitse mutu, avomere kuti analakwa. Iye anangokhala pampando osasuntha. Posapita nthawi anamulanda nyumba ya zisudzoyo, dzina lake n'kulifufuta paliponse, ndipo patapita zaka anamulola kutuluka m'dzikomo ndi chikwama chimodzi. Ku Toronto ankasita majekete m'sitolo ina yochapa zovala, ndipo Loweruka ankasonkhanitsa anthu akwawo m'chipinda chapansi cha tchalitchi chawo n'kumawaphunzitsa sewero. Ndinakaonerako kamodzi. Dalaivala wa takisi, bambo wamkulu wandevu zake, analowa n'kutuluka pakhomo limodzi mpaka thukuta kamukamu, mdalayo akungokuwa kuti alowenso.

Pabalaza pake panali zinthu zochepa. Panali ketulo yaikulu yamkuwa, chithunzi cha oyera a mpingo wawo pakona, ndi chithunzi cha mtsikana wina watsitsi lalitali chimene sankachitchula n'komwe. Pakhoma lalikulu panali chipepala cha m'felemu cholengeza sewero lake lomaliza, chofiira, cholembedwa m'zilembo zakwawo zija zooneka ngati zagadabuzika.

Ine ndinali ndi changa chondisowetsa tulo. Mwamuna wanga anamwalira mwana wathu wamkazi ali wakhanda, ndipo pobwera ku Canada mwanayo ndinamusiya ndi amayi ku Ntcheu. Ndinkafuna abwere. Zakuno zinali zitatheka, chotsala chinali pasipoti yakwathu, ndipo masiku amenewo pasipoti sinkatuluka chifukwa choti wakwanitsa zofunika, inkatuluka ngati palibe amene wakunenera choipa. Panali bambo wina amene ankatumidwa kudzayendera ife ophunzira kunja. Ankati amadzaona ngati ana awo akukhala bwino, koma aliyense ankadziwa kuti zimene akanene akabwerera ndizo zimatsegula kapena kutseka makomo.

Tsiku lina madzulo, nditangofika kuchokera kuntchito, foni inalira. Anali mnzanga wa ku Zomba amene ankagwira ntchito pa chipatala china ku Hamilton.

"Iwe, abambo aja afika. Dzulo anali kwa ine, andicheka mpaka mu wadiropu. Sande akubwera kwa iwe, after church."

"Abwere, ndilibe chobisa."

"Ulibe chobisa? Landlord wako uja si Mrasha? Akakangokuripota kuti ukukhala ndi komyunisti, mwana wako umuiwale. I'm serious, iwe."

"Koma mdalayu anathawa makomyunisti omwewo!"

"Zimenezo ukawafotokozere ndiwe kumudzi. Kwa iwo Mrasha ndi Mrasha, basi. Ndipo mathalauzi ako aja uwabise."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma uyu ananditsina mochedwa, pakuti masiku otsalawo sakanakwana kupeza chipinda china. Kwathu nthawi imeneyo dzina la dziko la mdalayo silinkatchulidwa mokweza, ndipo mkazi wovala thalauzi ankamuona ngati wogalukira boma. Ndinakhala pa masitepe ndi jekete langa osavula, mpaka mdalayo anatuluka kukhitchini n'kundifunsa kuti wamwalira ndani.

Ndinamupempha zinthu ziwiri, kuti Lamlungu achokepo panyumba, ndiponso kuti tichotse chipepala chija pakhoma. Anaika supuni yake ya jamu pansi pang'onopang'ono.

"Kwathu anandithamangitsa chifukwa sindinali komyunisti wokwanira. Kuno ndibisale m'nyumba yanga chifukwa ndine komyunisti? Ayi, sisita. Ndinabisala kokwanira."

Apo pakamwa panga panatseguka, ndipo ine ndikapsa mtima sindisankha mawu. Ndinamuuza kuti iye ndi ulemu wakewo akhoza kukhala pampando mpaka kufa, poti alibe chotaya, koma ine ndili ndi mwana amene wayamba kuiwala nkhope yanga. Ndinamuuza kuti kulimba mtima n'kosavuta kwa munthu amene wokalangidwa si iyeyo. Ndinkayembekeza kuti akuwa, mwinanso kundithamangitsa. M'malo mwake anayang'ana chithunzi cha mtsikana uja kwa nthawi yaitali moti ndinayamba kuchita manyazi.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Ndikhala kukhitchini, chitseko chotseka. Koma iwe sungakalowe pamaso pa munthu ameneyo osakonzeka. Mawa tiyeserera."

M'mawa mwake tinayamba ndi chipepala chija. Titachitsitsa, khoma la kumbuyo kwake linali loyera mbee, pamene kwina konse kunali kofiirira ndi utsi wa zaka zambiri. Ndinati tipachikepo chitenje. Iye anakana. Anati anthu ofufuza anzawo sayang'ana zimene zili poyera, amayang'ana pamene pachotsedwa kanthu ndi pamene paphimbidwa, ndipo chitenje chikamuitana mlendoyo asanakhale n'komwe pansi. Tinakangana, koma khoma lenilenilo linali kumbali yake, choncho tinachibwezera pamsomali pake. Mathalauzi anga tinawapinda n'kuwaika pansi pa bedi la mdalayo, pakati pa ake.

Kenaka anavala jekete ndi chipewa, n'kutuluka panja, n'kugogoda. Nditatsegula, tsitsi linandiima. Munthu amene analowa sanali agogo. Ankamwetulira ndi milomo yokha, anakhala pampando woyang'ana kukhomo, jekete osavula, chipewa pabondo, ndipo ankafunsa funso akuyang'ana kwina ngati yankho akulidziwa kale. Mdala ameneyu anali asanapondepo ku Malawi, koma bambo uja anali ameneyu ndendende. Nditamufunsa kuti wamudziwa bwanji, anati anthu a ntchito imeneyi dziko lonse lapansi anabadwa m'mimba imodzi.

Ndinapita kukhitchini kukatenga beseni ndi jagi ya madzi, poti mlendo sadya asanasambe m'manja. Ndinafika pamaso pake n'kugwada.

"Dzuka!" anakuwa, mpaka madzi anatayikira pakapeti. "Dzuka! M'nyumba mwanga munthu sagwadira mnzake. Ndinasiya dziko langa kuti ndisaonenso zimenezi."

"Agogo, musandinyoze," ndinatero ndili chigwadire. "Kwathu kugwada si mantha. Amayi anga ondibala ndimawagwadira, ndipo sindinawaopepo. Ndi ulemu. Ndikapanda kugwada, bambo ameneyo akanena kuti Canada yandiwononga, ndipo mwana sangaperekedwe kwa mayi wowonongeka."

Anandiyang'ana mwachidwi, mkwiyo utatha mwadzidzidzi, ngati mmisiri amene waona chida chachilendo.

"Ndionetse. Ine ndine amayi ako. Lowa."

Ndinatuluka, ndinalowa, ndinagwada.

"Tsopano ndine bambo uja. Lowanso."

Ndinatero, ndipo kwa ine zinali chimodzimodzi. Iye anapukusa mutu. Anati poyamba paja ndinatsika ngati munthu wafika kwawo, msana uli wofewa, manja akudziwa ntchito yawo. Kachiwiriko mapewa anakwera, khosi linauma, ndipo diso limodzi linali kukhomo. Anati ngati iye waona, mlendoyonso aona, pakuti mantha ndi chakudya cha anthu amenewo, ndipo akawanunkhiza amadziwa kuti pali chobisika.

"Usamugwadire iyeyo. Uwagwadire amayi ako. Manja awo ndi otani?"

Ndinamuuza kuti ndi ong'aluka ndi khasu, ndipo chala chimodzi chinapindika atalumidwa ndi chinkhanira ali mtsikana.

"Ndiye ukamathira madzi uziona chala chimenecho. Lowanso."

Ndinalowa mpaka mawondo anatupa. Ndinamutukwana mumtima m'zinenero ziwiri, ndipo kamodzi ndinaponya beseni pansi n'kunena kuti ine si chidole chake. Iye analitola, kulidzazanso madzi, n'kundipatsanso. Tinagwirizananso kuti mlendoyo akafunsa za eni nyumba, ndinene kuti ndi mkulu wina wa ku Ulaya, wopemphera, wosakonda alendo. Silinali bodza, ndipo mdalayo anati bodza labwino ndi choonadi chimene wachidula miyendo.

Lamlungu kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinakwera kasitima ka mumsewu kubwerera kunyumba nditavala diresi lofika m'mapazi, mphepo ikundilowa m'miyendo, ndipo ndinaphika nkhuku ndi mpunga. Mdalayo anandigwira paphewa, nandiuza kuti ndipume katatu, n'kudzitsekera kukhitchini.

Mlendoyo anafika masana. Anali bambo wamfupi, wa mawu ofewa, nsapato zopukutidwa bwino ngakhale kunja kunali matope a chipale. Anakhala pampando woyang'ana kukhomo. Jekete sanavule. Chipewa anachiika pabondo, ndipo ndikanakhala kuti sindinali ndi mantha ndikanaseka. Anayamba ndi pemphero lalitali, kenaka anandifunsa za maphunziro, za kuzizira, za amene ndimacheza nawo.

"Kwanu ndinadutsako mwezi wathawu, mayi," anatero akuyang'ana pawindo. "Amayi ali bwino. Kamtsikana kanu kakula, kayamba kutunga madzi kokha. Kamafanana nanu pachipumi."

Sindinali nditamuuzapo kwathu, ndipo mudzi wathu suli m'mbali mwa msewu woti munthu n'kungodutsako. Ndinathokoza, n'kupita kukatenga madzi. Beseni ndi jagi ndinali nditaziika pakhonde la m'kati kuti ndisatsegule kukhitchini. Pamenepo ndinaima, n'kupuma, n'kuwaitana amayi anga m'maganizo. Ndinalowa, ndinagwada, ndipo pamene anatambasula manja ake osalala ine ndinkaona chala chopindika chija. Madzi anatsika mowongoka, osagwedera. Ndinamva bamboyo akupuma momasuka, nati, "Eya, mwambo simunautaye."

Ndinayesa kuti ndawoloka. Koma akupukuta m'manja anakweza maso, n'kuima pa chipepala chofiira chija.

"Zilembo zachilendo izi. Eni nyumba kwawo n'kuti?"

"Ndi a ku Ulaya, bambo. Ndi munthu wopemphera."

"Ulaya ndi wamkulu, mayi."

Anangonena zomwezo, n'kudikira. Ine ndinali ndidakali chigwadire, jagi m'manja, ndipo inayamba kugunda pabeseni, ngwe ngwe ngwe, osatha kuiletsa. Chala cha amayi chinandithawa. Ndinkangoona kamwana kanga kali ndi ndowa pamutu, kakukula chaka ndi chaka ine kulibe. Ndikanama, bamboyu akanafufuza n'kupeza, ndipo bodza likanakhala umboni. Ndikanena zoona, ndiye kuti ndadzimangirira ndekha chingwe.

Pamenepo chitseko cha kukhitchini chinatseguka.

Mdalayo analowa atavala suti yake yakuda ya kutchalitchi, atanyamula thireyi ya tiyi. Ankayenda mokhwekhwereza mapazi, msana utapindika, ngati wakalamba zaka makumi awiri kuchokera m'mawa. Mumtima ndinati, mfiti iwe, wandipha. Iye sanandiyang'ane n'komwe. Anafika pamaso pa mlendoyo, n'kuyamba kutsika. Bondo loyamba linafika pansi bwinobwino. Lachiwiri linalira kuti thobo, moti tonse tinamva. Anaika thireyi pansi, n'kuomba m'manja mwapansipansi, monga ndinkachitira ine pomulonjera m'mawa mwanthabwala, n'kuweramitsa mutu wake woyera mbuu.

"Moni, bambo," anatero m'Chichewa, mawu okhawo amene ankawadziwa.

Mdalayo anali ataona ine ndekha, ndiye ankayesa kuti kwathu aliyense amalonjera choncho. Sankadziwa kuti amuna amanjuta, sagwada mawondo onse awiri ngati mkazi wopereka madzi. Sankadziwanso chachikulu, choti munthu waimvi sagwadira mwana, ndipo kuti kwathu zimenezo timaziona ngati temberero.

Mlendoyo anadzambatuka ngati wakhalira moto. Chipewa chinagwera mu beseni.

"Iyayi, iyayi! Mayi, auzeni adzuke! Malodza anji amenewa? Please, sir, stand up, stand up!"

Koma mdalayo sakanatha kudzuka, ndipo apa sewero linali litatha. Nkhope yake inatuwa, thukuta linatuluka pachipumi, ndipo ine namwino ndinadziwa kuti bondolo lawonongeka. Tinamugwira m'khwapa, ine uku mlendoyo uko, n'kumukweza. Bamboyo anamukhazika pampando wake womwe uja woyang'ana kukhomo, anavula jekete n'kumufunditsa m'miyendo, ndipo iye mwini ananjuta pambali pake. Anathira tiyi ndi manja ake, namupatsa ndi manja awiri. Ankangobwereza kuti pepani, pepani, ngati ndiye wamuthyola. Mdalayo ankangogwedeza mutu mofatsa ngati nkhalamba yosamva bwino.

Funso lija silinabwerenso. Nkhuku anangoilawa, ndipo posakhalitsa anati akufuna kupeza sitima kusanade. Ndinamuperekeza pakhomo. Akumanga sikafu, chipewa chonyowa chili m'manja, analankhula osandiyang'ana.

"Zilembo zija ndimazidziwa, mayi. Sindine mbuli."

Kenaka anafunsa za mdalayo.

"Anawaphunzitsa ndani kugwada?"

"Palibe, bambo. Anangoona ine."

Anayang'ana chipale cha pamasitepe.

"Bambo anga ali ndi imvi ngati zomwezo," anatero. "Muwauze kuti amuna sagwada choncho."

Anatsika masitepe n'kumapita, osacheuka. Sindinadziwe ngati wandikhululukira kapena wandiweruza, ndipo ndinaima pamenepo mpaka kuzizira kunandibweza m'nyumba.

Bondo la mdalayo linali litatupa ngati papaya. Ndinalimanga ndi bandeji, n'kuikapo chipale cha panja chokulunga m'thawulo, uku ndikumukalipira. Ndinamuuza kuti tinapangana kuti akhale kukhitchini, kuti wandichititsa manyazi, kuti kwathu mwamuna sagwada choncho ndipo nkhalamba sigwadira mwana.

"Bwanji sunandiuze?" anafunsa, akukukuta mano chifukwa cha ululu.

"Ndikanadziwa bwanji kuti mudzapenga?"

"Jagi inkamveka mpaka kukhitchini, sisita. Wosewera akaiwala mawu, wina amayenera kulowa."

Koma nkhope yake sinali ya munthu wopambana. Tiyi anamusiya kuti azizire. Ndinadziwa chimene chinkamudya. Munthu amene anataya nyumba yake ya zisudzo, mafilimu ake ndi dziko lake chifukwa chokana kuweramitsa mutu, lero anali atagwadira kazitape pabalaza pake pomwe. Ndinamva chisoni, ndipo mkwiyo wanga unaphwa.

"Agogo, munandiuza kuti ndiganizire amayi. Nanga inu pogwada paja mumaganizira ndani?"

Analoza ndi chibwano chithunzi cha mtsikana uja. Anati ndi mwana wake, ndipo anatsala kwawo. Iye atakana kuimirira pamsonkhano uja, akuluakuluwo anapita kusukulu ya ukachenjede kumene mwanayo ankaphunzira. Anamuimika pamaso pa anzake onse, namuuza kuti asankhe, sukulu kapena bambo ake. Mtsikanayo anaweramitsa mutu n'kunena kuti alibe bambo. Kuyambira pamenepo sanaonanenso.

"Anthu amati ndinali wolimba mtima," anatero. "Ine ndinasunga mawondo anga, mwana wanga ndiye anagwada m'malo mwanga. Unanena zoona tsiku lija."

Ndinangosintha chipale cha pabondo, misozi ikugwera pathawulo.

Kenaka kunatsala kudikira, ndipo kudikira kumeneko kunali kowawa kuposa tsiku lenilenilo. Kuntchito ndinkaiwala zimene andituma. Foni ikalira mtima unkadumpha, poti uthenga woipa wakwathu unkabwera choncho, kuti wakuti anabwera kudzamutenga. Mnzanga wa ku Hamilton anandiuza kuti bamboyo asananyamuke ankafotokozera aliyense kuti mzungu wina wa ku Toronto anamugwadira, ndipo ankaifotokoza mokoma, akuwonjezera ndi zina. Ndinafunsa ngati anatchula dziko la mzunguyo. Mnzangayo anati sanamve, koma zimene munthu amanena patebulo si zimene amakanena ku ofesi. Ndinamuuza mnzangayo kuti akanakhala pafupi ndikanamumenya chifukwa cha mawu amenewo.

Bondo la mdalayo silinachire bwino. Ntchito yosita majekete, yoima tsiku lonse, anaisiya, ndipo anayamba kuyendera ndodo. Loweruka ndinkamutsitsa masitepe a kutchalitchi kwawo, iye n'kukhala pampando wake, n'kumakuwira dalaivala wa takisi ngati kale. Za mwana wanga sankafunsa. Koma ndikafika kuchokera kuntchito ankandiyang'ana kalowedwe, n'kudziwa yekha kuti palibe chatsopano.

Chipale chinasungunuka, mitengo inaphuka, ndipo tsiku lina mchimwene wanga anaimba foni kuchokera ku Blantyre, mawu akuduka-duka, kunena kuti pasipoti yatuluka. Mpaka lero sindidziwa zimene bambo uja anakanena, ndipo sindinakumane nayenso. Mwanayo anabwera ndi mayi wina wa mpingo wathu amene ankabwerera ku Canada. Ku bwalo la ndege sanandizindikire msanga. Anaima pambali pa mayiyo atagwira kachikwama ka pulasitiki, akundiyang'ana ngati mphunzitsi watsopano, mpaka ndinamutchula dzina limene agogo ake okha amamuitanira.

M'takisi ndinamuuza kuti m'nyumba mwathu muli agogo ena achizungu, aukali pakamwa koma abwino, ndipo akakuwa asachite mantha. Anangogwedeza mutu, maso ali pa nyumba zazitali. Titafika ndinatsegula chitseko n'kumutsogoza. Mdalayo anali pampando uja woyang'ana kukhomo, atavala suti yake yakuda, ndodo ili pakati pa miyendo. Ndinaona kuti anali atameta ndevu ndiponso atapukuta ketulo yamkuwa ija.

Mwanayo anaona imvi. Sindinamuuze chochita. Anaika kachikwama kake pansi, anayenda pang'ono, n'kugwada pakapeti, pamalo pomwe paja, msana uli wofewa, n'kuomba timanja take mwapansipansi.

"Muli bwanji, agogo?"

Ndinagwira mpweya, ndikudikira mawu aja amene palibe analowapo m'nyumba imeneyo osawamva. Mdalayo anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayesa kudzuka kuti amudzutse, koma bondo linakana, choncho anangotambasula dzanja n'kuliika pamutu pake. Kenaka anatembenukira kwa ine, maso ali jenjenje ndi misozi.

"Uyu walowa bwino, sisita," anatero. "Tseka chitseko. Asatulukenso."